Kuwerenga Mvula Mosaphonya: Phunziro la Interrupt mu Microcontroller

Mawu oyamba

Choyezera mvula chimene chimapezeka pa masiteshoni ambiri a kafukufuku wa zaulimi, m'masukulu ndi pa maofesi a alangizi chimawerengedwa kamodzi patsiku, m'mawa. Chimatiuza kuchuluka kwa madzi amene agwa, koma sichitiuza kagwedwe kake. Mamilimita 20 a mvumbi wa maola khumi amalowa pansi ndi kupindulira mbewu; mamilimita 20 omwewo akagwa m'theka la ola amaphwasula mizere, nakokolola dothi la pamwamba pamodzi ndi feteleza. M'kaundula nambala ndi imodzimodzi, koma kumunda zotsatira zake n'zosiyana kotheratu.

Nkhaniyi akatswiri anaizindikira kalekale. M'chaka cha 1958, Walter Wischmeier ndi Dwight Smith a ku America anaonetsa kuti kukokoloka kwa nthaka kumayendera limodzi ndi mphamvu ya madontho a mvula komanso kuchuluka kwa madzi ogwa m'mphindi 30 zimene mvula yakula koposa. M'chigawo chathu chino, Norman Hudson, amene anagwira ntchito pa siteshoni ya Henderson ku Mazowe m'dziko limene tsopano ndi Zimbabwe, anapeza kuti mvula yosafika mamilimita 25 pa ola sikokolola dothi kwenikweni. Motero wofufuza za akalozera, za udzu wa vetiva kapena za kuphimbira nthaka ndi mapesi afunika kudziwa mvula ya mphindi iliyonse, osati ya tsiku lokha.

Masiku ano mmisiri wa pa siteshoni angathe kudzipangira chipangizo cholemba mvula chotere pa mtengo wochepa. Koma zipangizo zambiri zopanga tokha zimanama, ndipo zimanama mwakachetechete. Phunziro lino likufotokoza njira imodzi ya kalembedwe ka pulogalamu yotchedwa interrupt: chimene ili, chifukwa chake ili yofunika, ndi mbuna zimene zimakola oigwiritsa ntchito.

1. Zipangizo zathu

Choyezera chimene tikukamba chili ndi fanulo pamwamba, ndipo pansi pake pali tizikho tiwiri tolumikizana, topendekeka ngati sikelo. Kachikho kamodzi kakadzaza kamagwera pansi ndi kukhuthula madzi, kanzake n'kubwera pansi pa fanulo. Pa tizikhoto pali kamaginito, ndipo nthawi iliyonse tikapendekeka kamaginitoko kamadutsa pafupi ndi kaswichi ka m'galasi, kamene kamatsekeka kanthawi kochepa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, kenako n'kutsegukanso. Pa zoyezera zambiri kukhuthula kumodzi ndi mamilimita 0.2 a mvula. Zopangidwa pa muyeso wa ku America zimakhala za mamilimita 0.254. Ngati kukamwa kwa fanulo ndi masikweya sentimita 200, kachikho ka mamilimita 0.2 kamadzaza ndi mamililita 4 a madzi.

Wowerenga kukhuthulako ndi microcontroller, ndiko kuti kakompyuta kathunthu kokhala m'kachidutswa kamodzi ka miyendo yambiri. Chitsanzo chathu ndi ATmega328P, imene ili pa bolodi la Arduino Uno. Inapangidwa ndi kampani ya Atmel, imene inagulidwa ndi Microchip m'chaka cha 2016. Pa bolodi limeneli wotchi yake imagunda ka 16 miliyoni pa sekondi. Ngakhale ili ndi liwiro lotere, imachita chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo apa ndi pamene pagona phunziro lonse.

2. Njira ziwiri zodikirira mlendo

Taganizirani mayi amene akuphika nsima kukhitchini uku akuyembekezera mlendo. Angathe kumasiya mthiko kawirikawiri kukasuzumira pakhomo. Akatero nsima ichita mibulu, ndiponso mlendo angafike ndi kubwerera pa nthawi imene mayiyo wabwerera pamoto. Njira ina ndiyo kupitiriza kuphika kufikira atamva "Odi!" Pamenepo amatuluka, nampatsa mlendo mpando, n'kubwerera msanga kumphika, ndipo moni weniweni ndi nkhani zimadza nsima ikapsa.

Njira yoyambayo ndi imene ophunzira ambiri amayamba nayo. Pulogalamu imazungulira mosalekeza, ndipo pa kuzungulira kulikonse imafunsa ngati swichi yatsekeka. Zikanayenda bwino chipangizo chikanakhala chopanda ntchito ina. Koma choyezera kutentha cha DS18B20 chimatha kutenga mamilisekondi 750 kuti chipereke yankho, ndipo mapulogalamu ambiri amangoima kudikira. Kulemba pa kadi ya SD nthawi zina kumachedwa mpaka kota ya sekondi. Kutumiza uthenga wa SMS kumadya masekondi angapo, makamaka kumene netiweki ili yofooka. Nthawi zonsezi chipangizo chimakhala chakhungu, ndipo kachikho kakakhuthula pamenepo palibe chizindikiro chotsala choti china chake chaphonyedwa. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Choipa china n'chakuti chipangizo chosuzumira chotere sichingagone, kotero kuti chimamaliza batire msanga.

Njira yachiwiri ndiyo interrupt. Mawuwa amatanthauza kudukiza ntchito. Mkati mwa microcontroller muli kachigawo kamene kamayang'anira mwendo umene mwauika padera, popanda kudalira pulogalamu. Magetsi a pa mwendowo akasintha, kachigawoko kamaimitsa ntchito imene ili mkati, kuti kapulogalamu kakang'ono koyankha kayambe kayenda. Kapulogalamu kameneka amisiri amakatchula ISR.

3. Zimene zimachitika mkati

ATmega328P ili ndi miyendo iwiri yopatulidwira ntchito imeneyi: INT0, umene pa Arduino Uno ndi nambala 2, ndi INT1, umene ndi nambala 3. Swichi ikatsekeka, zinthu zimatsatana motere:

Choyamba, kachigawo kolondera kamakweza mbendera, imene ndi bit imodzi yosonyeza kuti kwachitika kanthu.

Chachiwiri, microcontroller imamaliza lamulo limene inali kuchita, nisunga adiresi ya pamene yalekezera.

Chachitatu, imatseka khomo kwa ma interrupt ena onse, nitsitsa mbendera ija, ndi kulumphira ku ISR. Kulumphaku kumayamba patangopita kugunda kwa wotchi kosachepera kanayi. Pophatikiza ntchito yosunga manambala amene pulogalamu yaikulu inali kugwiritsa ntchito, zonse zimatenga magawo ochepa chabe mwa magawo miliyoni a sekondi.

Chachinayi, ISR ikatha, zosungidwa zija zimabwezedwa m'malo mwake, khomo limatsegulidwanso, ndipo pulogalamu yaikulu imapitirira ngati kuti palibe chachitika.

Mfundo ziwiri zisaiwalike. Mbendera ili imodzi yokha pa gwero lililonse, ndipo siwerenga: chinthu chikachitika kawiri khomo lili chitsekere, chidzayankhidwa kamodzi kokha. Komanso mbendera zingapo zikakwezedwa pamodzi, pali mndandanda wa ukulu umene sungasinthidwe, ndipo INT0 imayankhidwa INT1 isanayankhidwe.

4. Pulogalamu yake

Lumikizani waya mmodzi wa swichi ku mwendo nambala 2, ndi mnzake ku GND. Pulogalamu ikhale motere:

volatile unsigned int kukhuthula = 0;
volatile unsigned long nthawiYapita = 0;

void mvula() {
  unsigned long tsopano = millis();
  if (tsopano - nthawiYapita > 250) {
    kukhuthula++;
    nthawiYapita = tsopano;
  }
}

void setup() {
  pinMode(2, INPUT_PULLUP);
  attachInterrupt(digitalPinToInterrupt(2), mvula, FALLING);
}

Lamulo la INPUT_PULLUP limachititsa kuti mwendo ukhale ndi mavoti 5 pamene swichi ili yotseguka. Swichi ikatsekeka magetsiwo amatsikira ku ziro, ndipo mawu akuti FALLING akuuza microcontroller kuti iyankhe pa kutsika kumeneko. ISR yathu ndi imene taitcha mvula. Onani kufupika kwake: imayang'ana nthawi, imaonjezera chimodzi pa chiwerengero, basi. Mizere yochepayi ili ndi zifukwa zake, ndipo tizione chimodzichimodzi.

5. Mbuna zinayi

Mbuna yoyamba: swichi imanjanja. Tizitsulo tiwiri ta m'kati mwa swichi tikagundana sitikhazikika nthawi yomweyo. Timakhudzana ndi kulekana kangapo m'kanthawi kosakwana mamilisekondi ochepa. Munthu sangaone zimenezi, koma interrupt imaona zonse, ndipo kukhuthula kumodzi ingakuwerenge katatu kapena kasanu. Mvula ya mamilimita 10 isanduka ya 30. N'chifukwa chake ISR yathu ikukana chilichonse chochitika pasanathe mamilisekondi 250 chichitikire china. Nambala imeneyi sitinangoitola. Ngakhale kutagwa chimvula cha mamilimita 300 pa ola, tizikho tidzakhuthula ka 1,500 pa olalo, ndiko kuti kamodzi pa masekondi 2.4 aliwonse, choncho palibe kukhuthula kwenikweni kumene kungakanidwe. Koma nthawi yokanira iyenera kuposa nthawi imene swichi yanu imakhala yotsekeka, pakuti imanjanjanso potseguka.

Chenjerani kuti musasamutse nambalayi mwachisawawa. Choyezera madzi a m'paipi cha YF-S201, chimene ena amaika pa ulimi wothirira, chimapereka zizindikiro pafupifupi 450 pa lita imodzi. Madzi akamayenda malita 20 pa mphindi, zizindikirozo zimakwana 150 pa sekondi, ndipo pulogalamu yokana mamilisekondi 250 singawerenge zoposa zinayi. Muyeso uliwonse uli ndi nthawi yakeyake, ndipo iyenera kuwerengeredwa.

Mbuna yachiwiri: kuchereza mlendo nsima ili pamoto. Pa nthawi yonse imene ISR ikuyenda, ma interrupt ena amakhala otsekeredwa kunja, ndipo Arduino imadalira ena mwa iwo pa ntchito zake. Wotchi ya millis imasungidwa ndi interrupt yochitika pa mamilisekondi 1.024 aliwonse, ISR yanu ikachedwa kupitirira milisekondi imodzi kapena ziwiri, wotchiyo imayamba kutsalira. Lamulo la delay siligwira bwino mkati mwa ISR. Laibulale ya Wire, imene imalankhula ndi wotchi ya kunja, imadikira interrupt imene singabwere, ndipo chipangizo chimauma pomwepo kufikira wina adzachizimitse ndi kuchiyatsanso. Pa munda woyeserapo wakutali, kumene mmisiri amafikako kamodzi pamwezi, kuuma kotere kungataye mvula ya milungu ingapo. Lamulo lake nali: mu ISR musalembe pa kadi, musatumize uthenga, musadikire chilichonse. Werengani kapena kwezani chizindikiro, ntchito yolemera muisiyire pulogalamu yaikulu.

Mbuna yachitatu: kuiwala mawu akuti volatile. Pulogalamu yomasulira zimene mwalemba kuti zimveke kwa microcontroller imayesetsa kufupikitsa ntchito. Ikaona kuti pulogalamu yaikulu ikungowerenga nambala popanda kuisintha, ingathe kuitenga kamodzi ndi kumagwiritsa ntchito yomweyo mpaka kalekale, osadziwa kuti ISR ikuisintha mseri. Mawu akuti volatile amailamula kuti ikatenge nambalayo kumalo kwake nthawi iliyonse. Nambala iliyonse imene ISR ndi pulogalamu yaikulu zikugawana iyenera kulembedwa ndi mawu amenewa.

Mbuna yachinayi ndiyo yobisika koposa: kuwerenga nambala yong'ambika. ATmega328P imanyamula ma bit 8 pa nthawi imodzi, pamene chiwerengero chathu chili ndi ma bit 16. Choncho imachitenga maulendo awiri, theka lapansi choyamba, kenako lapamwamba. Tiyerekeze kuti chiwerengero chili pa 255: theka lapansi ndi 255, lapamwamba ndi 0. Pulogalamu yaikulu yatenga theka lapansi, ndipo isanatenge linalo kachikho kakhuthula. Chiwerengero chafika pa 256, ndiko kuti theka lapansi 0, lapamwamba 1. Pulogalamu ipitiriza, nitenga 1 wapamwambayo ndi kumphatikiza ndi 255 wakale uja, n'kupeza 511. M'malo mwa mamilimita 51.2 kaundula alemba 102.2. Zotere zimachitika mwa kamodzikamodzi, kotero kuti poyesa pa tebulo simungazione.

Palinso ngozi ina yofanana nayo. Mukawerenga chiwerengero kenako n'kuchibwezera pa ziro, kukhuthula kumene kungachitike pakati pa malamulo awiriwo kumafafanizika. Mankhwala a mavuto onse awiri ndi amodzi: tsekani khomo, tengani kope, tsegulani msanga.

noInterrupts();
unsigned int kope = kukhuthula;
kukhuthula = 0;
interrupts();

Kachikho kakakhuthula khomo lili lotseka sipatayika kanthu, pakuti mbendera ija imadikira ndipo ISR imayenda khomo likangotseguka. Kuwerengera konse ndi kulemba pa kadi kuchitike ndi kopelo. Mukamachita zimenezi pa mphindi iliyonse, mudzakhala ndi mvula ya mphindi ndi mphindi. Kuti mupeze muyeso wa Wischmeier ndi Smith, funani mphindi 30 zotsatana zimene zili ndi mvula yambiri, ndipo muchulukitse kawiri: kukhuthula ka 100 m'mphindi 30 ndi mamilimita 20, kapena mamilimita 40 pa ola.

6. Kugona ndi kudzutsidwa

Phindu lina lalikulu la interrupt ndi kusunga batire. Chipangizo chodya mamiliampiya 10 mosalekeza chimamaliza batire ya mamiliampiya-ola 2,000 m'maola 200, masiku asanu ndi atatu ndi pang'ono. Chitati chizidya gawo limodzi mwa magawo khumi a miliampiya, batire yomweyo ingakwane maola 20,000 mwa masamu, kupitirira zaka ziwiri. Zimenezi zimatheka pogoneka microcontroller tulo tofa nato, totchedwa power-down, mmene wotchi yake imaima ndipo imadya magetsi ochepetsetsa, kufikira interrupt itaidzutsa.

Odzutsa akhale awiri. Woyamba ndi swichi ya mvula pa INT0. Wachiwiri ndi wotchi ya kunja monga DS3231, imene kulakwa kwake sikupitirira pafupifupi mphindi imodzi pachaka, ndipo ili ndi mwendo wa alamu umene ungalumikizidwe ku INT1 kuti udzutse chipangizo pa nthawi yolemba.

Pali zinthu zitatu zoti mudziwe. Choyamba, buku la kampani limanena kuti m'tulo totere INT0 ndi INT1 zimadzutsa chipangizo pokhapokha zitaikidwa pa LOW, osati FALLING. Popeza LOW imapitiriza kuitana nthawi yonse imene swichi ili yotsekeka, ISR iyenera kudzichotsa yokha ndi detachInterrupt, ndipo pulogalamu yaikulu iibwezeretse swichi ikatseguka. Chachiwiri, millis imaima chipangizo chikagona, choncho njira ya mamilisekondi 250 ija iyenera kusinthidwa: chipangizo chikadzuka chiwerenge kamodzi, chidikire m'pulogalamu yaikulu kuti swichi itseguke ndi kukhazikika, ndipo chikatero chigonenso. Chachitatu, bolodi la Uno lili ndi nyale, chowongolera magetsi ndi kachigawo ka USB, zimene zimadya batire ngakhale microcontroller itagona. Uno ndi yabwino pophunzira, koma chipangizo cha kumunda chimangidwe pa bolodi lopanda zoonjezerazi.

7. Kuyesa musanapite nacho kumunda

Musakhulupirire chipangizo chimene simunachiyese. Ikani choyezera pamalo osapendekeka. Yezani mamililita 200 a madzi, muwathire m'botolo loboola kabowo kakang'ono, ndipo adonthere m'fanulo pang'onopang'ono kwa theka la ola. Pa fanulo la masikweya sentimita 200 ndi tizikho ta mamilimita 0.2, muyenera kupeza kukhuthula pafupifupi ka 50, ndiko kuti mamilimita 10. Wina akhale pambali ndi pensulo, azilemba kulira kulikonse kwa tizikho.

Manambala atatu amenewa akuuzani pamene pali vuto. Chipangizo chikaposa wa pensulo, swichi ikunjanja kapena waya akutola phokoso la magetsi. Chikachepera wa pensulo, pali kukhuthula kumene kukuphonyedwa, ndipo muyang'ane malo amene khomo latsekedwa nthawi yaitali. Chipangizo ndi wa pensulo akagwirizana koma nambala yawo itatalikirana ndi 50, pulogalamu ilibe mlandu. Konzani tizibauti ta pansi pa tizikho. Bwerezani kuyesaku chipangizo chikulemba pa kadi ndi kutumiza uthenga, pakuti zolakwa zambiri zimabisala pamenepo.

8. Zimene interrupt singakonze

Interrupt imawerenga mokhulupirika chimene chafika pa mwendo wa microcontroller, osati mvula yeniyeniyo. Pa mvula yamphamvu, madzi ena amagwera m'kachikho kamene kayamba kale kupendekeka, motero zoyezera za mtundu umenewu zimachepetsa mvula ikakula. Masamba, ndowe za mbalame ndi fumbi zimatseka fanulo. Akangaude ndi mavu amamanga m'kati, namanga tizikho. Waya wautali amatola magetsi a mphezi yogwa patali, ndipo chipangizo chimalemba mvula kunja kuli kouma. Waya wamfupi wopiringizana, pamodzi ndi resistor ya 10 kilohm ndi capacitor ya 100 nanofarad pafupi ndi mwendo, zimachepetsa vutoli. Chifukwa cha zonsezi, choyezera chakale chowerenga ndi maso chisachotsedwe. Chikhale pambali pa chatsopano, ndipo manambala a tsiku azifanizidwa.

Mawu otsiriza

Kuyesa kwa m'labotale kukalakwika kumabwerezedwa mawa, koma mvula ya nyengo imodzi imagwa kamodzi. Nambala yosowa imaoneka, ndipo wofufuza amadziwa kuti pali mpata. Nambala yonama siioneka. Imalowa m'lipoti, kuchoka apo n'kulowa m'malangizo a katalikirana ka akalozera kapena kukula kwa ngalande, ndipo wolipira ndi mlimi wa m'phiri amene dothi lake lapita kumtsinje. Choncho ISR ikhale yaifupi, swichi isaloledwe kuwerengedwa kawiri, nambala zogawana zikhale volatile, ndipo zitengedwe khomo lili lotseka.

Mafunso okambirana

1. Choyezera chanu ndi cha mamilimita 0.254. Mvula ikugwa mamilimita 60 pa ola. Kodi papita masekondi angati pakati pa kukhuthula kuwiri?

2. Mmisiri wina waika lamulo lowerenga wotchi ya DS3231 mkati mwa ISR kuti adziwe nthawi yeniyeni ya kukhuthula kulikonse. Kodi chichitike n'chiyani, ndipo mungamuthandize bwanji kupeza nthawiyo mwa njira ina?

3. Chiwerengero chili pa 511 ndipo kachikho kakhuthula pulogalamu itangotenga theka lapansi. Kodi ipeza nambala yanji, ndipo kaundula alakwa ndi mamilimita angati?

4. Choyezera mphepo chikutseka swichi ka 20 pa sekondi mphepo ikakula. Kodi nthawi yokanira kunjanja isapitirire mamilisekondi angati?